Munthu Sadziona Kumsana

Phunziro la mwezi uno. Musanayambe, werengani 2 Samueli 12:1-13, Marko 4:1-20 ndi Yobu 2:11-13.

Chaka chilichonse ophunzira atsopano akafika pano, sipalephera mmodzi kapena awiri odandaula ndi ola la Lachitatu madzulo. Amati: "Ife tidadzera kuphunzira kukonza manyowa, kuweta nkhuku ndi kudzala m'maenje. Ulaliki timaumva Lamlungu. Nanga izi zokhala pansi pa mtengo n'kumafunsana za m'Baibulo zikugwirizana bwanji ndi ulimi?" Funsoli ndi lachilungamo, ndipo ena mwa inu amene mudatsiriza kale maphunziro mukukumbukira kuti mudalifunsapo. Tiliyankha kuyambira kumunda.

Pa phunziro la nthaka timakutengani ku munda umene walimidwa zaka zambiri ndi khasu kapena pulawo pa kuya komwekomweko, ndipo timakumba dzenje. Pamwamba dothi limakhala lofewa, lokondweretsa m'maso. Koma pomwe khasu limalekezera timapeza nthaka yogwirana ngati mwala. Muzu wa chimanga ukafika pamenepo umapindika n'kuyenda cham'mbali, madzi a mvula salowa, ndipo dzuwa likangowomba masabata awiri mbewu zimafota. N'chifukwa chake timati maenje odzalamo azifika masentimita 20, kuti aboole nthaka yolimbayo. Chodabwitsa n'chakuti mwini munda amakhala atayenda pamwamba pake zaka makumi awiri osadziwa kuti ilipo. Amadandaula mvula, amadandaula mbewu, amadandaula feteleza. Zimatengera munthu wina kumuuza kuti, "Takumbani apa tione."

Mtima wa munthu ulinso ndi malo otere. Pali zizolowezi, mantha ndi manyazi zimene zidagwirana kalekale pansi pa pomwe ulaliki umalekezera. Ulaliki ndi wofunika, monganso mvula ndi yofunika. Koma ulaliki umagwera anthu mazana nthawi imodzi, ndipo womvera ali ndi ufulu wouponyera kwa mnzake wa pa benchi ina. Kukambirana n'kosiyana. Pokambirana pali wina amene amakuyang'ana n'kukufunsa, ndipo uyenera kuyankha ndi pakamwa pako.

Zimene Natani adachita

Mfumu Davide sankasowa chiphunzitso. Malamulo a Mulungu ankawadziwa kuposa anthu ambiri a mu ufumu wake. Komabe atatenga mkazi wa Uriya ndi kuphetsa mwamunayo kunkhondo, adakhala miyezi yambiri, mpaka mwana kubadwa, akuweruza milandu ya ena ngati palibe chimene chachitika. Mneneri Natani pobwera sadayambe ndi kumuloza chala. Adamufotokozera za munthu wosauka amene anali ndi kamwana kankhosa kamodzi, kamene kankadya ndi kumwa naye pamodzi, ndi za wolemera amene adakalanda kuti aphere mlendo pamene iye anali ndi khola lodzaza.

Ife alimi tiyenera kuima pang'ono pamenepa. Davide adakulira kubusa. Ankadziwa kulemera kwa kamwana kankhosa m'manja, ankadziwa kulira kwake usiku. Natani adasankha nkhani yolowera pa khomo limene Davide sadatseke. Mfumu idapsa mtima, idagamula mlandu, ndipo m'pamene mneneri adaiuza kuti munthu wolemerayo ndi iyo yomwe. Chigamulo chidatuluka m'kamwa mwa Davide mwini wake, choncho analibe pothawira. Akadangolalikidwa za chigololo ndi kupha, mwina akadavomera ndi mutu kuti mawuwo ndi oona, n'kubwerera kunyumba ali chimodzimodzi.

Apa ndi pamene pali ntchito ya kukambirana Mawu. Umayamba kunena za munthu wa m'nkhani, ndipo usanatsirize umazindikira kuti ukunena za iwe mwini.

Mwambowu si wachilendo pa Kafue

Amene amaganiza kuti kusakaniza khasu ndi kukambirana za chikhulupiriro ndi nzeru yatsopano aiwala mbiri ya dera lino. Mu 1918 amishoni a Primitive Methodist adatsegula sukulu ya Kafue Training Institute pafupi ndi mtsinje, motsogozedwa ndi mbusa John Fell. Anyamata ankaphunzira uphunzitsi, ntchito zamanja ndi ulimi. Harry Nkumbula, amene pambuyo pake adatsogolera African National Congress ya dziko lino, adaphunzira pomwepo. Sukuluyo lero ndi Kafue Boys Secondary School, ndipo ili m'manja mwa United Church of Zambia, mpingo umene udapangidwa pa 16 Januwale 1965 pamene a Methodist adalumikizana ndi mipingo ina.

A Methodist adali ndi mwambo wawo wosonkhana m'timagulu totchedwa makalasi, ndipo chiyambi chake chingakuseketseni, chifukwa chidali ngongole. Mu 1742, mu mzinda wa Bristol ku England, anthu a John Wesley ankafuna kubweza ngongole ya nyumba yawo yopemphereramo. Adagwirizana kugawa anthu m'magulu a 12, ndi kuti mtsogoleri wa gulu aziyendera aliyense sabata ndi sabata kukatenga kobiri limodzi. Poyenda m'makomomo atsogoleriwo adayamba kuona zimene sizinkaoneka m'tchalitchi: uyu akumwa, uyu wayambana ndi mkazi wake, uyu wagona ndi njala. Wesley adazindikira kuti wapeza chinthu choposa ndalama. Posakhalitsa kuyendera makomo kudasanduka kukumana pamodzi kamodzi pa sabata, ndipo aliyense ankafunsidwa za mmene moyo wake wauzimu ukuyendera. Taonani kuti sankasonkhana kudzamva mlaliki wina. Ankasonkhana kudzafunsidwa.

Akatolika adafika pa mfundo yomweyi podzera njira ina. M'zaka za m'ma 1970 maepiskopi a bungwe la AMECEA, limene Zambia ndi Malawi ali mamembala ake, adagwirizana kuti mpingo uzimangidwa pa timagulu ta mabanja oyandikana, ndipo pa msonkhano wawo wa mu 1976 adaika ntchitoyi patsogolo pa zina zonse. Ku Lilongwe, Episkopi Patrick Kalilombe adalimbikitsa kwambiri timagulu timeneti, timene kumeneko amatitcha miphakati. Amayi a m'mipingo yambiri, aliyense ndi yunifomu yake, akhala akuchita zofananazo pakati pa sabata kwa zaka zochuluka. Mipingo imene imasiyana pa zambiri idagwirizana pa ichi popanda kupangana: Mkhristu amene amangomvera, osafunsidwa ndi osafunsa, amakula pang'onopang'ono kwambiri.

Tauni ya anthu odikira

Kafue ili ndi bala lake. Tauniyi idakula chifukwa cha mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia idayamba kupanga feteleza mu 1970, ya nsalu ya Kafue Textiles idalemba anthu ochuluka, ndipo anthu adabwera kuchokera ku Chipata, ku Mongu, ku Kasama, ku Monze, n'kudzakhala ku Estates, ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound. Ntchito zitayamba kuchepa m'zaka za m'ma 1990, ndipo makina a nsalu atakhala chete m'zaka zotsatira, amuna ndi akazi ambiri adatsala ndi khasu m'manja asadalisankhe. Ena mwa inu ndinu ana awo. Mudakulira m'nyumba mmene ulimi unkatchulidwa ngati chinthu chogwirizira, podikira kuti ntchito yeniyeni ibwere.

Tidali ndi bambo wina pano, wachikulire ndithu, amene kale ankagwira ntchito pa fakitale ina. Anali wakhama m'kalasi, koma munda wake kunyumba unali wosasamalika. Madzulo ena tinkakambirana fanizo la wofesa, ndipo iye adafotokoza bwino kwambiri za mbewu yogwera paminga, kuti ndi anthu otanganidwa ndi chuma. Mnyamata wina, msinkhu wa mwana wake, adamufunsa mwaulemu: "Pepani bambo, munda uja mumaulima ngati wanu, kapena ngati malo odikirirapo basi?" Tonse tidakhala chete. Bamboyo sadayankhe tsiku limenelo, ndipo tidaopa kuti wakhumudwa. Sabata yotsatira ndiye adayamba kulankhula. Adati kwa zaka zonsezo sadadzalepo mtengo ndi umodzi womwe pamalo pake, ngakhale wa mango, chifukwa kudzala mtengo kukadakhala kuvomera kuti sadzabwereranso ku fakitale. Adati mkazi wake sankadziwa zimenezi, ndipo iye mwini adazidziwa pamene mnyamatayo adamufunsa.

Palibe mlaliki akadadziwa kuti nthaka yolimba ya bamboyu ili pa mtengo wa mango. Ndipo zindikirani kuti amene adakumba anali wamng'ono. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Pa gulu lokambirana, mlendoyo nthawi zina amakhala mwana, nthawi zina mayi amene sadapite patali ndi sukulu.

Katundu wako ndi katundu amene si wako

Wina angaganize kuti kudzidziwa ndi kupeza zolakwa zako basi. Ayi. Chilala cha 2024 chidatiphunzitsa mbali inayo. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Maboma 84 mwa 116 adakhudzidwa, ndipo chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni, mwa 2.2 miliyoni amene adadzalidwa, chidauma. Madzi adachepa ku Itezhi-Tezhi ndi ku Kariba, magetsi adayamba kuzima maola ambiri, ndipo ngakhale odalira mapampu m'madimba adavutika. Nonse mukukumbukira.

M'miyezi imeneyo tidamva mitundu iwiri ya mawu m'magulu athu. Ena ankadzisenzetsa mlandu wa thambo lonse. Mlimi wina adatiuza kuti Mulungu wamulanga chifukwa adasiya kupereka chachikhumi. Anali atasiya kudya bwino, ndipo ankachita manyazi kuyang'ana ana ake. Anzake adawerenga naye buku la Yobu, kenaka mayi wina adamufunsa ngati akukhulupirira kuti maboma 84 onse adauma chifukwa cha chachikhumi chake. Adaseka, koyamba pa masabata ambiri. Sikuti gulu lidamuuza kuti kupereka n'kopanda ntchito. Lidangomuthandiza kutula katundu amene sanali wake.

Ena ankachita zosiyana: ankataya katundu wawo pakhomo pa mnzawo. Mayi wina adabwera ali wotsimikiza kuti woyandikana naye munda amamutengera zokolola m'matsenga, popeza mnzakeyo adakololako matumba angapo pamene iye adatuluka chimanjamanja. Gulu silidamuseke, ndipo silidamutsutse. Lidangomufunsa mafunso a alimi. Mudadzala liti? Nanga iwo adadzala liti? Mapesi a chaka chatha mudawatani? Zidapezeka kuti mnzakeyo adakumba maenje m'chilimwe, adadzala ndi mvula yoyamba mbewu yocha msanga, ndipo adaphimbira nthaka. Iye adatentha mapesi n'kudzala mochedwa. Chilala sichinali mlandu wake, koma kuchedwa kunali kwake. Chimene chidatikhudza n'chakuti pomaliza mayiyo adanena yekha kuti chimene chinkamupweteka kwenikweni si njala, koma kuti mnzakeyo ndi wamng'ono kwa iye ndipo sakadatha kudzichepetsa kukamufunsa nzeru. Chibale chimene chikadatha ndi kutukwanizana kwa anyakwawa chidapulumuka.

Munthu ali yekha sangathe kusiyanitsa akatundu awiriwa. Usiku, maganizo amakula kuposa msinkhu wawo. Ukawatulutsa pakati pa anthu okukonda, Baibulo lili lotsekula, amabwerera pa msinkhu wake weniweni.

Tionjezepo kanthu kena kamene tauni yathu idatipatsa mosayembekezera. Pa gulu limodzi pano pamakhala wowerenga Chinyanja, wina Chitonga, wina Chibemba, wina Chilozi. Ngakhale a Chinyanja okhaokha, wina amagwira Buku Lopatulika, limene lidatuluka mu 1922, wina Buku Loyera la mu 1998. Poyamba tinkaona ngati n'chovuta. Tsopano timachita kupempha kuti ndime iwerengedwe m'zilankhulo ziwiri kapena zitatu, chifukwa vesi limene udaliloweza uli mwana limaterera m'makutu osagwira kanthu, koma ukalimva m'mawu achilendo umadzidzimuka n'kufunsa kuti, kodi limatanthauza zimenezi?

Mmene gulu limafera

Tisakunamizeni kuti gulu lililonse limakuza munthu. Taona ambiri akufa, ndipo ena adavulaza anthu asanafe.

Imfa yofala ndi ya mlaliki wachiwiri. Pamakhala mbale amene amadziwa mavesi ambiri, ndipo funso lililonse amaliyankha wofunsayo asanatseke pakamwa. Pakatha mwezi, ena onse amangobwera kudzamvera, ndipo gulu lasanduka tchalitchi chaching'ono chopanda nyimbo. Mtsogoleri wabwino amayesedwa ndi kuchepa kwa mawu ake. Imfa ina ndi ya mpikisano wa mipingo: Sabata kapena Lamlungu, ubatizo womiza kapena wowaza. Nkhanizi zili ndi malo ake, ndipo sitikuzichepetsa, koma taona kuti munthu angathe kukangana za tsiku lopembedza maola atatu popanda kutchulapo ndi kamodzi komwe za ngongole imene ikumusowetsa tulo. Mkangano wotere nthawi zambiri ndi pobisalira.

Fanizo la wofesa lili ndi msampha wake. Tikaliwerenga, aliyense amadziwa msanga amene ali nthaka ya pamsewu ndi amene ali ya pamiyala: mlamu wake, mpongozi wake, anyamata a masiku ano. Anyani amasekana zikundu. N'chifukwa chake pano tili ndi lamulo lakuti polankhula uziyamba ndi "ine", osati "anthu ena". Lamuloli limaoneka laling'ono, koma yesani kulisunga ola lathunthu muone mmene limawawira.

Koma imfa yoopsa koposa ndi miseche. Munthu akaulula za m'nyumba mwake Lachitatu, n'kuzimva Loweruka pamsika kapena pa mjigo, sadzatsekulanso pakamwa, pagulupo ngakhale pena paliponse. Mwamubweza m'mbuyo kuposa mmene adabwerera. Madzi akatayika saoleka. Amene sangathe kusunga chinsinsi, ngakhale kwa mkazi kapena mwamuna wake, ndi bwino anene poyera kuti asalowe nawo. Ndipo kufalitsa nkhani ya mnzako poitcha "pempho la pemphero" ndi miseche yomweyo itavala jekete.

Abwenzi a Yobu atiphunzitse. Atamva za tsoka lake adabwera kuchokera kutali, nakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osalankhula kanthu. Pamenepo adachita bwino. Adalakwa atayamba kufotokoza chifukwa chimene Yobu akuvutikira, aliyense ndi chiphunzitso chake chokonzakonza, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu adawadzudzula. Njira ya masitepe asanu ndi awiri yowerengera Uthenga Wabwino, imene idakonzedwa ku Lumko ku South Africa ndipo miphakati yambiri imaitsata, imaika nthawi yokhala chete pakati penipeni, aliyense asanagawane maganizo ake. Ife tidabwereka zimenezi. Mphindi zitatu za chete zimatalika ngati mzere wopalira masana, koma mawu amene amatuluka pambuyo pake amakhala ena.

Palinso malire amene gulu liyenera kuwadziwa. Wina akanena kuti akufuna kudzipha, kapena kuti akumenyedwa kunyumba, kapena kuti mwana akuchitidwa zoipa, pemphero lisalowe m'malo mwa thandizo. Muperekezeni kuchipatala, kwa abusa, kapena ku ofesi ya apolisi ya Victim Support Unit, ndipo muuzeni poyera kuti chinsinsi chotere simungachisunge nokha.

Kwa inu amene mudabwerera kumudzi

Makalata anu ndi zimene mumatiuza tikakuyenderani zimagwirizana pa chinthu chimodzi: chovuta si kukumbukira kuya kwa dzenje kapena kakonzedwe ka kompositi. Chovuta ndi kukhala wekha. Ukakumba maenje mu Ogasiti dzuwa lili pamutu, anzako amakuseka. Ukasiya mapesi m'munda, amati ndiwe waulesi. Achibale amayembekeza kuti wophunzira akolola kawiri chaka choyamba chomwe. Ambiri amene adabwerera ku ulimi wakale sadabwerere chifukwa njira zatsopano zidalephera, koma chifukwa analibe wowafunsa kuti, "Nanga zija mudanena zili pati?"

Musadikire kuti abusa kapena akatekisiti akuyambitsireni. Anthu asanu ndi mmodzi akwanira, ndipo musapitirire 12, chifukwa gulu likakula amanyazi amabisala. Asakhale a mpingo umodzi okhaokha ngati woyandikana nanu ndi wa mpingo wina. Nthaka yanu ndi imodzi. Amayi akhale ndi mpata wofanana ndi abambo, ndipo ngati muona kuti amangokhala chete pamaso pa amuna awo, nthawi zina gawanikani. Ola limodzi lakwana. Nyengo yodzala ndi yopalira kumanani madzulo kapena Lamlungu masana, koma musaleke, popeza ndiyo nyengo imene mitima imatentha. Za chakudya zisiyeni. Taona magulu akutha chifukwa wosauka ankachita manyazi kulandira anzake popanda tiyi.

Ndipo chachikulu n'chakuti msonkhano uliwonse uziyamba ndi zimene zidanenedwa sabata yatha. Amene adati akapepesa kwa mbale wake, kodi adapita? Amene adati aonetsa mkazi wake ndalama zonse za tomato, kodi adamuonetsa? Funsani mofatsa, monga mmene mumafukulira pa phando kuona ngati mbewu yamera, osati monga wapolisi. Wolephera asanyozedwe, afunsidwenso sabata inayo. Kukambirana kopanda kubwereza kumakoma m'makutu, koma kumafanana ndi kudzala munda n'kusaubwereranso mpaka nthawi yokolola.

Lachitatu likubwerali tidzawerenga Marko 4 m'Chinyanja ndi m'Chitonga. Aliyense abwere ndi Baibulo lake ndi kabuku kake kolembamo za kumunda. Tidzafunsana kuti ndi chigawo chiti cha munda wanu chimene mwakhala mukuchizemba chaka chino, ndi chifukwa chake. Bambo wa mtengo wa mango uja walola kuti adzakhale nafe. Akuti mitengo yake inayi yayamba kuchita maluwa, ndipo akufuna wina amuthandize nzeru za ntchentche zoboola zipatso.